Khasu latsala m'manja mwa agogo ku Chipyela

Munthu akafuna kudziwa m'mene chilumba cha Likoma chikukhalira, asavutike ndi kufunsa mafunso ambiri. Angopita pa doko tsiku la Ilala ndi kuyang'ana zimene zikutsika ndi zimene zikukwera. Zotsika ndi matumba a chimanga, ufa, shuga, malata, simenti ndi madengu a tomato. Zokwera ndi matumba a usipa wouma, komanso anyamata ndi atsikana, aliyense ndi kachikwama kake kumsana. Ena akupita ku sukulu ndipo adzabwera pa tchuthi. Ena akupita kukafuna ntchito ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo makolo awo amene atsala pa mchenga akudziwa kuti za tsiku lobwerera sizifunsidwa.

Ine ndidakhalako masabata angapo pa Chipyela, kuona minda ya chinangwa. Tsiku lina ndidafika pa munda wa agogo ena a zaka zoposa 70. Mundawo udali waukulu ndithu, koma polimidwa padali pang'ono chabe, mbali yoyandikana ndi nyumba. Kwinako kudali thengo, ndipo chinangwa cha zaka ziwiri chidali chikadaima momwemo, masamba atakwinyika. Ine, monga ndidaphunzirira, ndidayamba kuwauza kuti mizere ikhale yotalikirana masentimita 90, mbeu ikhale yodula bwino masentimita 25 kapena 30, kupalira kuchitike msanga miyezi itatu yoyamba, ndipo zomera zodwala zizulidwe.

Adandimvera mpaka ndidamaliza. Kenaka adati, "Mwanawe, zonsezo ndikuzidziwa, ndidayamba kulima chinangwa amako asadabadwe. Undiuze chimodzi chokha. Mizereyo aunge ndani?"

Ana awo anayi onse ali kunja kwa chilumba. Pakhomo pali zidzukulu zitatu, wamkulu wake ali sitandade 5. Ndidalibe yankho, ndipo kunena zoona manyazi adandigwira. Zaka zinayi za ku koleji zidandiphunzitsa kulangiza mlimi wa mphamvu zake, wokhala ndi mkazi kapena mwamuna ndi ana othandiza. Mlimi amene adali pamaso panga sadali m'buku lirilonse.

Alimi anzanga, nkhani yanga lero ndi yomweyi. Ulangizi wathu wa za ulimi ukulankhula ndi munthu amene adakwera kale sitima, pamene wotsala ndi khasu sitikumuuza kanthu komuthandiza. Ndipo popeza maiko olemera adayamba kale kuyenda njira imeneyi, nkoyenera tione kumene yawafikitsa.

Titenge dziko la Japan, kumene kumachokera galimoto zambiri zimene timakwera pa misewu yathu. Chiwerengero cha anthu kumeneko chidafika pa 128 miliyoni cha m'ma 2008, ndipo kuchokera apo chakhala chikutsika chaka ndi chaka, chifukwa omwalira akuchuluka kuposa obadwa. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 29 ndi a zaka 65 kapena kuposa. M'chaka cha 2023 boma lawo lidawerenga nyumba zopanda anthu nkupeza 9 miliyoni. Kuli midzi kumene oposa theka la anthu ake ndi nkhalamba, sukulu zidatsekedwa chifukwa chosowa ana, ndipo nguluwe ndi anyani zimalowa m'minda popanda wozithamangitsa.

Ku ulimi ndiye kwaipiratu. M'chaka cha 2000 anthu amene ntchito yawo yeni-yeni idali ulimi adalipo 2.4 miliyoni. Pofika 2020 adatsala 1.36 miliyoni, ndipo zaka zawo, poziphatikiza ndi kugawa, zidali pafupifupi 68. Pofika 2015 minda yongogonera idali itapitirira mahekitala 400,000. Tikumbukire kuti ili ndi dziko la mathirakitala, misewu ya tala mpaka ku munda, penshoni ndi zipatala zabwino. Ana a alimiwo sadathawe njala ai. Adangoona kuti ku Tokyo ndi ku Osaka moyo ukuyenda bwino kuposa m'matope a mpunga. Ndalama zilipo, makina alipo, koma munda wopanda munthu umasanduka tchire basi. Lero dziko lomwelo limadzilimira lokha chakudya chosakwana magawo 40 pa 100 a chimene anthu ake amadya. Ku Italy nakonso kuli timatauni, maka-maka pa chilumba cha Sicily, timene takhala tikugulitsa nyumba zakale pa mtengo wa yuro imodzi pofuna kuti pabwere anthu.

Wina anena kuti izi nza azungu ndi a Japani, ife kuno tikuchulukana. Nzoona. Kalembera wa 1998 adapeza Amalawi pafupifupi 9.9 miliyoni, wa 2008 adapeza 13 miliyoni, ndipo wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, lidachoka pa anthu pafupifupi 10,400 m'chaka cha 2008 kufika pa 14,500 m'chaka cha 2018. Tsono Chipyela sadzatha anthu mawa kapena mkuja. Koma kalembera amawerenga mitu, sawerenga manja ogwira khasu. Mudzi ukhoza kudzaza ndi ana a sukulu, aphunzitsi, ogulitsa m'magolosale ndi alovi obwera kudzatsata usipa, koma m'munda muli agogo okha. Kusiyana kwathu ndi Japan nkwakuti agogo a kumeneko atsala okha ndi penshoni, pamene athu atsala ndi zidzukulu zofuna nsima kawiri pa tsiku, penshoni palibe.

Ndiponso kubereka kukutsika ngakhale kuno kwathu. Kafukufuku wa boma wa 1992 adaonetsa kuti mai mmodzi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi awiri pa moyo wake. Wa 2015 ndi 2016 adapeza ana anayi kapena asanu. Kale mwa ana asanu ndi awiri, atatu akachoka, anayi ankatsala pamudzi. Banja la ana atatu, onse ophunzira, likhoza kutsala opanda ndi mmodzi yemwe. Amene tili ndi zaka za m'ma 30 lero tidziwe kuti nkhalamba za mawa zopanda wozilimira ndife.

Likoma adayamba kale kutumiza ana ake kunja, mwina kuposa dera lina lirilonse m'dziko muno. Amishoni a UMCA adakhazikika pa chilumbachi m'chaka cha 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Chipyela adayamba kuchimanga m'chaka cha 1903. Sukulu zidafika msanga. Koma chilumbachi nchaching'ono, ndi makilomita pafupifupi 18 okha m'bwalo lake, nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala, yokondedwa ndi milambe kuposa chimanga. Mwana wodziwa kulemba ndi kuwerenga Chingerezi akadatani pamenepo? Adapita kukakhala makalaliki, aphunzitsi, akalipentala ndi a chipatala ku Zomba, ku Blantyre, ku Tanganyika, ku Halale ndi ku Joni. Ngakhale Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma amene adakhala bishopu woyamba wa Chimalawi mu mpingo wa Anglican, adatumikira zaka zambiri ku Tanganyika asadabwerere kwawo. Mau akuti mchona si achilendo pa chilumbachi.

Njira zopitira kunja zakhala zikutsekeka ndi kutseguka. Wenela idaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi. Theba nayo idatha cha m'ma 1988. Koma anthu sadaleke kupita, adangosintha njira, tsopano ndi pa basi kudzera ku Mwanza ndi ku Tete. Chatsopano nchakuti maiko okalamba aja ayamba kufuna manja a ana a eni. Japan idatsegula khomo m'chaka cha 1993 kwa achinyamata akunja obwera m'dzina la kuphunzira ntchito, ndipo ambiri ogwira ntchito m'minda yawo akhala akuchokera ku Vietnam, Indonesia ndi Philippines. Ku Britain, m'chaka cha 2022 adafewetsa malamulo kuti apeze anthu osamalira nkhalamba, ndipo anzathu a ku Zimbabwe adapita miyanda-miyanda. M'mwezi wa November 2023 gulu loyamba la achinyamata a Chimalawi oposa 200 lidakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Dziko lolemera likasowa wolima kapena wosambitsa nkhalamba zake, limaitana mwana wa m'dziko losauka. Nanga dziko losauka liitane ndani?

Pa misonkhano timamva atsogoleri akuti achinyamata abwerere ku munda, ulimi ndi bizinesi. Mauwa ndi okoma, ndipo ku madera a nthaka yabwino ndi misika yapafupi ali ndi tanthauzo. Koma pa Likoma ine sindingamuuze mnyamata wa MSCE kuti asiye ulendo wake nkudalira theka la ekala ya mchenga. Kumeneko nkumunamiza. Akatsala, apita ku nyanja kukakoka chilimira, chifukwa usipa umabweretsa ndalama m'mawa womwewo pamene chinangwa chimadikiritsa chaka. Akapita kunja ndi kupeza ntchito, ndalama zimene atumize pa foni zigula matumba a chimanga oposa amene akadakolola. Kuchoka kwake si ulesi, waona bwino. Japan, ndi chuma chake chonse, yakhala zaka zambiri ikunyengerera achinyamata ndi ndalama kuti abwerere kumudzi, ndipo obwerera alipo, koma sakukwana kulowa m'malo mwa opuma. Ife tidzakwanitsa ndi mau a pa msonkhano?

Tsono funso la agogo aja ndi limene tiyenera kuliyankha, ndipo poyambira pake ndi pa chinangwa chomwecho. Timachitama kuti ndi mbeu ya anthu ochepa mphamvu, chifukwa sichifuna feteleza wambiri, chimapirira chilala, ndipo chimasungika m'nthaka mpaka mwini atachifuna. Koma taonani ntchito imene ili pakati pa munda ndi mbale ya kondowole. Kuunga mizere, kudula ndi kubzala mbeu, kupalira, kukumba, kusenza, kusenda, kuviika masiku angapo kuti ululu uchoke, kuyanika, kusinja. Pafupifupi zonsezi zimafuna msana. Nkhalamba ikalephera kukumba pa nthawi yake imachisiya m'nthaka, ndipo apa mpamene pali msampha. M'mbali mwa nyanja muli matenda aja oola mizu, amene munthu amaona tsinde liri bwino-bwino koma akasenda apeza m'kati muli mabala a bulauni olimba ngati chikwa. Matendawa amakula pamene chinangwa chikukhalitsa m'nthaka. Nkhokwe ija timaidalira ikuola mwini asakudziwa.

Chachiwiri ndi mbeu. Wachinyamata akhoza kukwera boti kukafuna mitengo ya chinangwa yabwino kwina. Agogo amadula ya m'munda mwawo momwemo, chaka ndi chaka, ndipo khate la chinangwa ndi matenda oola mizu zimayenda ndi mitengo yomweyo. Munda ukucheperachepera, zokolola pa phando nazo zikutsika. Komatu pa Mkondezi, pafupi ndi Nkhata Bay pomwe Ilala imaima, pali malo a boma ofufuzira za ulimi amene akhala akugwira ntchito pa chinangwa kwa zaka zambiri, ndipo mitundu monga Sauti ndi Sagonja idatulutsidwa kuti ithandize alimi. Mtolo wa mbeu yoyera ukhoza kukwera sitima yomweyo imene imanyamula malata. Chofunika ndi munda umodzi wochulukitsira mbeu pa chilumba, wosamalidwa ndi kalabu, sukulu kapena mpingo, woti nkhalamba zizipatsidwa mitengo yodula kale mvula yoyamba ikagwa. Sizachilendo kuti boma lithandize chinangwa cha m'mbali mwa nyanja. Kodikodi atasakaza minda ya ku Nkhata Bay cha m'ma 1985, akatswiri adabweretsa kachilombo kodya kodikodiyo ndipo chinangwa chidapulumuka. Koma kuyambira 2005 maso onse ndi ndalama zambiri za unduna zakhala pa makuponi a feteleza ndi mbeu ya chimanga. Thumba la feteleza silimuungira mizere munthu wa zaka 75.

Ndikadabwerera kwa agogo aja lero, sindikadawauzanso za munda wonse. Ndikadati tisankhe kachigawo kapafupi ndi nyumba kamene angathe kukasamala, manyowa onse a mbuzi ndi nkhuku ndi phulusa zipite pamenepo. Mizere ingapo ikhale ya Mbundumali, chinangwa chosawawa chimene sichifuna kuviika, chongozula ndi kuphika, ngakhale chimafuna mpanda chifukwa mbuzi ndi ana odutsa amachikonda. Pakhale mbatata ya kholowa yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, yocha msanga ndiponso yothandiza zidzukulu. M'malire mukhale nandolo, amene ukabzala kamodzi umathyola uli chiimire, osawerama. Ena amatama ulimi wa mtayakhasu, ndipo pa nkhalamba ungathandize, koma pa Likoma mapesi ndi udzu wophimbira nthaka nzosowa, mbuzi zimatha zonse m'chilimwe, choncho sindingaulonjeze.

Nanga munda wotsalawo? Apa ndi pamene pali nkhani yovuta, ndipo ndi pamene a Japani adachedwa. Nkhalamba zawo zinkakana kubwereketsa minda poopa kuti siidzabwerera, ana ali ku tauni osafuna kulima komanso osafuna kugulitsa, mpaka minda idamera mitengo. M'chaka cha 2014 boma lawo lidakhazikitsa mabungwe oima pakati, amene amabwereka munda kwa mwini ndi kuubwereketsa kwa wofuna kulima, mwini ali ndi chitsimikizo chakuti mundawo ndi wake ndithu. Mantha omwewo ndidawapeza pa Chipyela. Nditafunsa agogo aja chifukwa chimene sapatsa wina gawo logonera kuti alime nkumagawana zokolola, adati, "Ukabwereka munthu munda zaka zitatu, chaka chachinayi abzalamo mango. Ana anga akadzabwera adzapeza chiani?"

Mantha amenewa ali ndi chifukwa, milandu ya malire yadanitsa abale ambiri. Koma pa chilumba chopanikizana chotere, pamene mabanja achichepere akusowa polima ndipo ufa ukuchita kubwera pa sitima, munda wogonera ndi chinthu chopweteka kuona. Ife sitifunika kudikira bungwe lochokera ku Lilongwe. Tili ndi a nyakwawa, magulupu ndi a T/A Mkumpha. Pangano lobwereketsa munda lilembedwe m'buku la mfumu pamaso pa mboni za mbali zonse, litchule zaka zake, linene kuti wobwereka sabzala mitengo kapena kumanga, ndiponso litchule gawo la zokolola lopita kwa mwini. Mwana amene ali ku Joni auzidwe pa foni ndipo avomereze, kuti asadzabwere ndi mkwiyo pa Khirisimasi. Pangano lotere limapatsa agogo chinangwa chokumba kale, limapatsa banja lachichepere polima, ndipo mundawo umakhalabe wa eni ake.

Kwa inu muli kunja, amene mwina mukuwerenga tsamba lino pa Nkhata Bay, pa Jenda kapena pa Lunzu, ndili ndi pempho. Ndalama zimene mumatumiza zimathera pa ufa, sopo ndi fizi, ndipo nkoyenera. Koma ndalama ya mwezi wa October ndi November ikhale ndi dzina lake, ikhale ya aganyu oungira mizere, ndipo muwauze amai anu momveka kuti ndi ya ntchito imeneyo. Ndalama ya ganyu ya masiku atatu mvula isadagwe imadyetsa pakhomo miyezi yambiri, pamene yomweyo ikafika mu February imangogula ufa wa sabata imodzi pa mtengo wokwera wa pa chilumba. Kumbukiraninso kuti sitima ikaonongeka kapena mwera ukavuta, ndalama ya pa foni siphikidwa. Pa masiku otero chimene chimapulumutsa banja ndi chimene chiri kuseri kwa nyumba.

Boma nalo likuwadziwa anthu amenewa. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndipo Likoma adali m'gulu la maboma oyamba kuilandira, idapangidwira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wa mphamvu zogwirira ntchito. Ndiye kuti maina awo adalembedwa kale ku ofesi ina ya boma. Chovuta nchiani kuti mlangizi wa za ulimi atenge maina omwewo ndi kuyamba nawo pogawa mbeu ya chinangwa ndi mbatata? Minda yachitsanzo timaiika kwa mlimi wamphamvu wa m'mbali mwa msewu kuti alendo akaone zokongola. Ine ndikadakonda kuona munda wachitsanzo pakhomo pa mai wamasiye wa zaka 70, woonetsa chimene munthu mmodzi wotopa angakolole ndi ntchito ya maola awiri pa tsiku.

Pali china chimene sindingachisiye. Dzina lakuti Chipyela, monga amafotokozera eni ake, lidabwera chifukwa pamalopo ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni adasankha dala kumangapo tchalitchi. Moto umenewo udazima kale pa Likoma, koma m'madera ena a dziko lino tikumvabe za nkhalamba zomenyedwa ndi kuphedwa pa mlandu womwewo. Mukafufuza bwino, kawiri-kawiri ndi munthu wokhala yekha, ana ali kutali, ndipo ali ndi munda umene ena akuuyang'ana. Pangano lolembedwa kwa mfumu limatetezanso munthu wotere, chifukwa mundawo umakhala ndi wolima ndipo mudzi wonse umadziwa kuti mwini wake ndani.

Tsiku lonyamuka ndidapita kukatsazika agogo aja. Ndidawapeza atakhala pansi akusenda chinangwa chimene mdzukulu wawo adakumba asadapite ku sukulu, ndipo pa mizu isanu iwiri adaiponya pambali chifukwa idali yoola m'kati. Adandipatsa usipa wa m'kambale kuti ndikadyere m'njira, nkundiuza kuti ndikadzabweranso ndisadzabwere ndi mapepala, ndidzabwere ndi mtolo wa mbeu. Mvula ya chaka chino isadagwe ndiyenera kukaupeza mtolowo ku Nkhata Bay ndi kuukweza Ilala. Woungira mizere sindidampezebe.